Dzanja la Zala Zitatu pa Nambala 14

Anthu akandifunsa kuti ku Mangalande ndinkakhala m'nyumba yotani, ndimawauza zoona, kuti inali nyumba yaitali ngati kuchokera pano kukafika kumsika, ya zitseko makumi anayi. Akayasama, ndimawonjezera kuti pa zitseko zonsezo changa chinali chimodzi, nambala 14, ndipo chimodzicho tinkagawana anthu asanu. Apa amaseka, amati ndayambapo. Sindinayambe ayi. Ku Bolton nyumba za anthu wamba anazimanga ngati mizere ya m'munda, zogundana mapewa, khoma limodzi la mabanja awiri. Khoma lakenso lopyapyala moti mzungu wa pa 16 akayetsemula, ife a pa 14 tinkapukuta mamina. Mboni zilipo, kungoti zili ku Bolton.

Ndisanapite ndinali mlangizi wa zaulimi kuno ku Balaka, makamaka wa thonje, mbewu yomwe inapinda msana wa agogo anga ndi wa bambo anga. Ndinkayendera njinga yamoto ya boma imene inkalira bwino potsetsereka pokha. Nditapeza viza ya keya, ntchito yosamalira okalamba, mudzi wonse unandiperekeza kudepoti, ndi agalu omwe. Nyumba yathu inali itangofika pa mawindo. Mayi a Pemphero sanalire. Anandikonza kolala n'kunena kuti malata akakwera, khonde likatha, ndibwerere, chifukwa iwo sanakwatiwe ndi foni.

Kuzizira kunandichingamira pabwalo la ndege ku Manchester. Ndinapereka moni kwa dalaivala wa basi Lolemba, mawu n'kuundana m'kamwa. Anadzasungunuka Lachitatu ndili m'bafa, ndikungomva "muli bwanji" akutuluka yekha. Ngati ndikunama, mphenzi indipeze.

Nambala 14 inali ndi zipinda ziwiri pansi, ziwiri m'mwamba, ndi masitepe oimirira ngati makwerero a pankhokwe. Mkulu wa pakhomo anali mayi Tembo, a ku Chipata ku Zambia, a keya anzanga ngakhale ankagwira kukampani ina, munthu wa mapemphero amene ankadalitsa ngakhale ketulo. M'mawa uliwonse ankasesa kutsogolo kwa 12, 14 ndi 16 ndi tsache lomwe anachoka nalo ku Chipata, mpaka mzungu wina anawayesa a khonsolo n'kuwalozera kwawo kumapeto a msewu. Anapita, anakasesa. Anzathu enawo ndinkawadziwira nsapato, poti mashifiti athu sankakumana. Mkulu wina wa ku Mzimba tinagawana bedi limodzi chaka chathunthu, iye masana, ine usiku. Nkhope yake ndinadzaiona tsiku lomwe ankasamuka. Anali munthu wooneka bwino.

Chithunzi choyamba chimene ndinatumiza kumudzi ndinajambulitsa nditaima pakati pa msewu, mzere wonse wa zitseko uli kumbuyo kwanga. Sindinanene kuti nyumbayo ndi yanga. Sindinanenenso kuti si yanga. Sabata isanathe amalume anaimba foni, anati iwo sapempha zambiri, chitseko chimodzi chokha cha mwana wawo wachisamba. Kuyambira pamenepo zonse zomwe ndinkapeza zinkapita ku Balaka kukasanduka njerwa, ine n'kumaonera pafoni nyumba yanga ikukula ngati mwana wa eni.

Nyumba ya ku Boltonyo inali yokalamba kuposa aliyense amene ndinamusambitsapo. Mwala wa pakhomo unali wodyeka pakati ngati mphero, moti mvula ikagwa mbalame zinkasambapo. M'chipinda changa, cham'mwamba choyang'ana kumsewu, chinyezi chinayamba kusenda mapepala omata pakhoma, ndipo ine pofuna kuchithandiza ndinakoka. Pansi pa loyera panali lachikasu, pansi pa lachikasu lobiriwira, pansi pake la maluwa, mpaka ndinatopa. Alandilodi athu, Amwenye a imvi, atabwera kudzaona sanakalipe. Anayamba kuloza. Lachikasu anati ndi la anyamata a ku Poland amene ankanyamula makatoni m'nyumba zosungiramo katundu. Lobiriwira anamata ndi bambo awo, amene anachokera ku India kudzagwira mashifiti omwe azungu anali atayamba kuwakana m'fakitale yopota thonje. Iwo anabadwira momwemo. La maluwa anati ndi la azungu a m'fakitale yomweyo, amene sanawapeze. Ndinafunsa ngati nyumbayi inagonapo munthu wolemera. Anati inde, iwowo, ndipo atangolemera anasamuka.

Kuseri kunali kabwalo ka simenti, kokwana munthu mmodzi ndi maganizo ake, ndi chimbudzi chakale chimene tinkasungiramo zinthu zakufa. Tsiku lina mayi Tembo akusesa anapeza chinthu pakona. Pasimenti panali chidindo cha dzanja la munthu wamkulu, cholowa bwino, koma cha zala zitatu. Sanakuwe. Analowa m'nyumba chambuyo, tsache lili m'manja, n'kutiuza kuti tsopano amvetsa chifukwa chake mapepala a viza a ana awo akukanidwa. Tinasala kudya masiku atatu. Abusa anachoka ku Leeds pa sitima, anathira padzanjapo mafuta okwana kukazingira mandasi a ukwati, n'kulilamula kuti libwerere kumene linachokera. Silinabwerere. Tinaikapo bini. Alandilodi anati dzanjalo analipeza pobadwa, ndipo mayi awonso ankalibisa ndi mphika wa maluwa.

Ntchito yake, m'nyumba yosungiramo okalamba, inali ya manja ndi msana. Kudzutsa, kusambitsa, kuveka, kudyetsa, kupukuta, kutembenuza, kenaka kukhala pansi n'kulemba kuti wachita zonsezo, chifukwa kumeneko chosalembedwa sichinachitike. Ine amene thewera la Pemphero sindinalikhudzepo, ndinafika posintha munthu wamkulu osamudzutsa. Ndikafika kunyumba nditatheratu, ndinkapeza mayi Tembo andisiyira mbale yovindikira, osafunsa kanthu. Mankhwala opaka msana tinali nawo amodzi nyumba yonse, ndipo ankayenda m'zipinda ngati mbale ya chopereka.

Malamulo anali ambiri kuposa okalamba. Loyamba kundivuta linali lakuti nkhalamba uziitchula dzina lake lenileni, lopanda kanthu kutsogolo, ngati mwana wa mlongo wako. Pakamwa panga panakana. Munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi anayi ndimuitane kuti Harold? Ine ndinkati a Harold basi.

A Harold anali aatali, ouma ngati nsungwi, mutu utayamba kutaya zinthu. Dzina la mwana wawo wamkazi, amene ankakhala kummwera kwa dzikolo n'kumabwera pa Khirisimasi, linali litagwa kale. Ine ankanditcha mnyamata, ndili ndi imvi zanga. Chakudya chawo chinali chosinja ngati cha khanda, ndipo ankachiyang'ana ngati chawatukwana. Koma folo koloko ikakwana, tsiku lililonse, ankavala jekete ndi kapusi n'kukaima pachitseko chokhoma chotulukira kunja. Ankati amayi awo akuwadikira, tiyi wapsa. Ife anatiphunzitsa kuti tisamawatsutse, tizingowatembenuza maganizo. Tinkawauza kuti basi yachedwa. Basi imeneyo inachedwa zaka zitatu ine ndikuona.

M'mawa wina ndikuwameta ndevu anandifunsa ntchito yomwe ndinkagwira kwathu. Nditatchula thonje, maso awo anayaka ngati magetsi abwera. Anati thonje ndi lomwe linawalera, ndi lomwenso linapha bambo awo, linawadzaza m'chifuwa mpaka ankatsokomola ulusi. Ndinawauza kuti thonje limenelo analima ndi agogo anga, ndipo ndimalumbirabe kuti linali lomwelo, chifukwa nawonso linawapha, kungoti iwo linawayambira kumsana. Anaseka. Kenaka anati makina anadyanso zala ziwiri za bambo awo, ndipo tsiku limene ankathira simenti kuseri kwa nyumba, bambowo anadinda dzanja pasimenti yaiwisi n'kunena kuti fakitale yatenga ziwiri, zitatuzi zitsale pakhomo.

Lezala linagwera m'beseni. Ndinafunsa nambala ya nyumbayo.

"Fotini, mnyamata. Ukufunsa ngati kwathu sukudziwa."

Anatchulanso msewu. Unali wathu.

Madzulo ake nditawafotokozera, mayi Tembo anasuntha bini, anatenga madzi ofunda ndi sopo, anagwada n'kulitsuka dzanjalo chala chimodzichimodzi, akulipepesa. Atamaliza anati mwana wa munthu ameneyu abwere adzaone kwawo asanafe, nkhani yatha.

Ndinayamba ndi njira yoyenera, zimenezi zilembedwe. Ndinapita kwa amanijala, mayi wabwino mtima amene ankamwetulira ngakhale pokana. Anati ndi nkhani yokoma kwambiri, koma pafunika fomu yoyeza ngozi, galimoto yovomerezeka, antchito awiri, ndi chilolezo cha mwana wawo uja. Mwanayo anayankha mzere umodzi, kuti ayi, zikangowasokoneza bambo ake. Mlamu wanga wa ku Manchester, amene anapita kukaphunzira n'kupeza ntchito ya tayi, anandichenjeza pafoni. Anati alamu, viza yanu yamangiriridwa pa kampani imeneyo ngati mbuzi pachikhomo, akakumasulani muli ndi miyezi iwiri yopezera chikhomo china, apo ayi ndege. Anati kuno chifundo chimayamba chasainidwa. Ndinamva. Ndinali ndi khonde losatha ku Balaka ndi ana awiri pasukulu. Ndinapitiriza kuwauza a Harold kuti basi yachedwa, kungoti tsopano ndinkanena ndili ndi kiyi wa kwawo m'thumba.

Chaka chimenecho dzuwa linatuluka Lachinayi. Amanijala anandituma kuti ndiwayendetse a Harold pa chikuku kupaki ya pafupi, theka la ola. Foni yanga inali m'kabati monga mwa lamulo, ya kuntchito ndinaiiwala patebulo. Kuiwala kwenikweni, ndikulumbira, ngakhale pa zonse zimene ndalumbira ichi chokha ndi chomwe nanenso ndimachikayika. Titafika pageti la paki, a Harold anakweza dzanja n'kuloza kumanzere.

"Njira ndi iyo."

Ndinaima. Kwathu kuno mkulu akakulozera njira ya kwawo, iwe uli ndi miyendo iye alibe, umatani? Ndinadziuza kuti tikangoona chitseko n'kubwerera. Munthu amene sankadziwa tsiku, chaka, ngakhale dzina la mwana wake, ananditsogolera mphambano iliyonse osaphonya. Ankandionetsanso zinthu zomwe kulibe. Apa panali fakitale, apa wogulitsa malasha, apa tchalitchi chathu, chomwe ine ndinkaona chikugulitsa makapeti.

Pa 14 anakana chikuku. Anaimirira, anaponda pamwala wodyeka uja, ndipo phazi linakwana ngati nsapato. Anati mwala umenewu unadyedwa ndi nsapato zamatabwa za anthu opita kufakitale, ndipo potsalapo anamaliza ndi amayi awo, amene ankaukwecha m'mawa uliwonse kuti anansi asawanene. Ndisanatulutse kiyi, mayi Tembo anatsegula, poti linali tsiku lawo lopuma. Ataona kapusi ndi jekete anadziwa. Anagwada pakhomo pomwepo, azungu a tsidya la msewu akusuzumira m'makatani.

"Fikani, atate. Nyumba ni yanu."

Iwo ananena m'Chinyanja chawo. A Harold anayankha m'Chingerezi, anapepesa kuti afika mochedwa, basi inachedwa.

Anayenda m'nyumbamo akugwira makoma. Chipinda chapansi chakutsogolo, m'mene munkagona anzathu awiri, anati chinali cha Lamlungu ndi maliro okha, ndipo mlongo wawo wamng'ono anagonekedwa momwemo chifuwa chitamutenga. Kukhitchini anati ankasambira onse asanu ndi anayi m'bafa limodzi lachitini, madzi omwewo, kuyambira bambo, moti iwo omaliza ankatuluka akuda kuposa polowa. Amayi awo anagontha ndi phokoso la makina owomba nsalu. Ankamva ndi maso, poyang'ana milomo, ndipo bodza ankaligwira kuchokera tsidya la msewu. Masitepe anawakanika a Harold. Ndinawabereka kumsana monga tichitira, opepuka ngati mtolo wa mapesi. M'chipinda changa anakhala pabedi langa n'kunena kuti anabadwira pakona apo. Analoza windo limene munthu wina ankaligogoda ndi ndodo yaitali m'mamawa kudzutsa anthu a kufakitale, ntchito yake yokhayo. Anaona mapepala ndinasenda aja, anasisita la maluwa, anati anamata ndi amayi awo nkhondo itatha.

Kuseri sanafunse kuti lili pati. Analunjika pakona, ife tinawagwira m'khwapa mpaka anagwada. Anapinda zala ziwiri, zitatu n'kuziika m'malo mwake.

"Ndabwera, bambo," anatero.

Apa theka la ola lija linali litabereka ana ndi zidzukulu. Ndinanong'oneza mayi Tembo kuti ife tizipita. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Imwe ba Malawi, manje mufuna eni nyumba achoke na njala? Mlendo wa msinkhu uyu ni wa tiyi chabe?"

Nkhuku inali kale pamoto. Ku Mangalande nkhuku sithamangitsidwa, imabadwa yakufa kale m'pulasitiki, komabe kupsa imapsa pa nthawi yake. Ndikanatha kukakamira. Koma ndiuzeni mawu ake. Munthu wakhala m'khitchini ya amayi ake, wavula kapusi, ukamuuza bwanji kuti nyamukani, nthawi yatha? Kwathu mlendo amatsanzika yekha. Ndinadikira kuti atsanzike.

A Harold, amene papepala sankatha kumeza chinthu cholimba kuposa phala, anadya ntchafu ya nkhuku ndi usinini, anayamwa fupa mpaka linapepesa, n'kupempha ina. Wotchi ya pakhoma inafika pa folo. Ndinawayang'ana, chifukwa nthawi yokaima pachitseko inali itakwana. Anaimiriradi. Anavula jekete, anatembenuka, n'kuikoleka pamsomali wa kuseri kwa chitseko osayang'ana n'komwe. Zaka zonsezo msomali umenewo ine sindinauonepo. Anakhalanso pansi n'kufunsa ngati tiyi watsala.

Apolisi anafika tiyi wachiwiri ali m'kapu. Galimoto zitatu, ambulansi, ndi helikopita. Ena amati helikopita ndimawonjezera. Chabwino, mwina inkapita kwina, koma inadutsa pamwamba pathu ndipo inatiyang'ana. A Harold anauza wapolisi woyamba kuti apukute mapazi, amayi angokwecha kumene mwalawo. Wapolisiyo anapukuta.

Zotsatirazo sindizikometsera. A Harold anakana kutuluka. Anagwira felemu la chitseko ndi manja onse awiri, ndipo panafunika anthu atatu kuwamasula chala chimodzichimodzi. Ankaitana amayi awo. Kenaka anayamba kuitana ine, mnyamata, mnyamata, uwauze kuti kuno ndi kwathu. Ine ndinali nditaima pamsewu pakati pa apolisi awiri. Jekete inatsala pamsomali. Mwana wawo uja ananena kuti zikawasokoneza, ndipo sananame.

Mlandu unakambidwa m'kachipinda kokhala ndi tiyi ndi mabisiketi. Amanijala anawerenga zolakwa zanga maso ali ofiira. Kuchotsa munthu popanda chilolezo, kumuphonyetsa mankhwala a masana, kumunyamula kumsana, kumupatsa nkhuku ya mafupa. Pomva zikuwerengedwa choncho, nanenso ndinadziopa. Mlamu wanga anali atandiphunzitsa mawu onse opepesera, ndipo ndinawanena bwino. Pomaliza anandifunsa ngati ndingadzachitenso. Yankho lake ndinkalidziwa. Koma msomali uja unabwera m'maso, ndipo ndinachedwa kuyankha. Sindinachedwe kwambiri, mwina nthawi yomeza malovu kawiri. Mayi amene ankalemba analemba kuchedwako.

Miyezi iwiri ya ku Mangalande imathamanga kuposa ya kuno. Ndinafunsira ntchito ku Leeds, ku Manchester, ndi m'matauni omwe mayina ake sindinaphunzire kutchula. Kulikonse ankandikonda mpaka kalata ya kuntchito kwakale itafika. Mayi Tembo mlanduwo sunawakhudze, poti iwo anangophikira mlendo pakhomo pawo tsiku lopuma, koma anasiya kuimba posesa. Mnzanga wa kuntchito anandiuza kuti a Harold anasiya kuima pachitseko folo koloko. Anthu a mafomu analemba kuti akhazikika. Anasiyanso kudya. Anamwalira kutatsala sabata kuti ndikwere ndege. Maliro a kumeneko amachita kuitanira ngati ukwati, ndipo ine khadi sindinalandire. Tinakhala awiri kuseri, ine ndi mayi Tembo, pambali pa dzanja lija. Tinaimba nyimbo ziwiri motsitsa kuti a pa 16 asadandaule, n'kulowa m'nyumba.

Tsiku lonyamuka ndinasiya alandilodi akupaka penti yoyera m'chipinda changa, wina akudikira kale ndi chikwama pamasitepe. Ndinawafunsa kuti nanga ife Amalawi pepala lathu ndi liti pakhomapo. Anati masiku ano samatanso mapepala, anthu sakhalitsa. Jekete ya a Harold ndinaisiya pamsomali. Patapita miyezi mayi Tembo ananditumizira uthenga kuti nyumba yagulitsidwa, onse asamuka, eni atsopano ayala matailosi kuseri konse, ndipo mwala wa pakhomo auzula chifukwa munthu angapunthwepo.

Kuno ndinapeza malata atakwera, okongola ndithu, owala moti ndege zimasochera. M'nyumbamo munali mayi a Pemphero, ana, ndi alamu anga, achimwene awo a mayi a Pemphero, amene anabwera ndi banja lawo kudzalondera njerwa n'kuiwala kubwerera. Mpando wanga unali ndi mwini wake. Pemphero, amene ndinamusiya akundikwera pamapewa, anandipatsa moni wa manja awiri ngati ndine woyendera masukulu, n'kubwerera pafoni. Mayi ake anali ataphunzira kusintha babu, kukangana ndi amisiri, ndi kugona pakati pa bedi. Sanandikalipire. Anangofunsa kuti ndibwerera liti, ndipo nditawauza kuti sindibwereranso, anatuluka kukaanula zovala zomwe zinali zisanaume.

Chodabwitsa n'chakuti abale anga amakhulupirira zonse. Za moni woundana amakhulupirira. Za helikopita amawonjezera okha, pano zafika zitatu. Koma ndikanena kuti anandichotsa ntchito chifukwa choperekeza nkhalamba kwawo n'kuidyetsa nkhuku, amayang'anana. Amalume aja anandikokera pambali n'kunena kuti ndine munthu wamkulu, ndinene zoona, banja lidziwe chopempherera. Kumsika ena amati ndinaba, ena amati ndinagwidwa ndi mkazi wa mzungu, ena amati ndinalowa za satana ndipo zinandikana. Ya mkazi wa mzunguyo ndimaisiya iyende, imandipatsako ulemu.

Chomwe chinali chisanathe ndi khonde. Ntchito ya ulangizi inapita ndi ena, ndiye nthawi ndinali nayo. Ndinagulitsa majekete anga a chisanu kwa mkulu wina wa ku Dedza, ndinagula simenti, ndinaitana mmisiri. Anathira bwino, anasalaza, n'kupita kukadya. Ndinatsala ndekha ndi simenti yaiwisi, yosalala ngati madzi a m'chitsime. Ndinagwada pakona. Ndinadinda dzanja langa lamanja, mwamphamvu, zala zonse zisanu, poti pa zinthu zimene ndinapita nazo ku Mangalande ndi zokhazi zomwe zinabwerera zonse.

Ndikusamba m'manja kuseri, ndinamva mayi a Pemphero akuitana mmisiri, motsitsa, ndi mawu amene amanenera nkhani za matenda. Nditazungulira ndinawapeza ataima pamutu pa dzanjalo, alamu ali pambali, ana akusuzumira pawindo.

"Bambo a Pemphero, anthu akutinena kale. Mukufuna aziti mwakhwimira nyumba?"

Ndinayamba kufotokoza. Za fakitale, za zala ziwiri, za bini, za abusa a ku Leeds, za basi yochedwa. Ndinafika mpaka pa msomali. Alamu anaseka, anati koma nkhani ndimazitha. Mmisiri anandiyang'ana ine, anayang'ana mayi a Pemphero, anadziwa mwini khonde. Anawaza timadzi, n'kupititsa chitsulo chake chosalazira kawiri.

Khondelo lilipo, bwerani mudzalione. Layang'ana kumsewu, ndi losalala kuchokera uku mpaka uko, mmisiri uja ntchito amaidziwa. Ine ndimakhala pakona pomwepo dzuwa likapendeka, cha m'ma folo, dzanja lili pasimenti. Alendo akafunsa, Pemphero amawauza kuti asadandaule, adadi akudikira basi.